Kupalasa Njinga Pakati pa Chilwa ndi Chiuta

Sitima ya anthu yochokera ku Liwonde ikaima pa Nayuchi, katundu ndiye amayamba kutsika, eni ake pambuyo. Matumba a ufa, malata, mabeseni apulasitiki, nkhuku zomangidwa miyendo, zina kudzera pakhomo, zina pazenera. Tsiku lina m'mwezi wa Ogasiti, sukulu zitatsekera, munatsikanso njinga zinayi zakapalasa zomwe pa kaliyala panali tizikwama ndi mabotolo a madzi basi. Anyamata a kabaza amene amadikira makasitomala pasiteshonipo anaziyang'ana mokayika.

"Achimwene, katundu wanu watsalira m'sitima?" anafunsa mmodzi.

"Ayi, tilibe katundu. Tikungoyenda, tikaone malo."

Mnyamatayo anayang'ana mnzake. Kupalasa mpaka ku Cuamba, makilomita 77 kuchokera pa malire, popanda chogulitsa, popanda maliro, popanda wodwala wokamuzonda? Funso limeneli linawatsata alendowa m'boma lonse la Mecanhelas, ndipo sanalipezere yankho lokhutiritsa aliyense.

Anayiwo anali anthu odziwana kalekale ku Zomba. Mwini ganizo anali mphunzitsi wa jogalafe pa sekondale ina, munthu amene wakhala akujambula nyanja ya Chilwa pabolodi zaka zambiri koma tsidya lake la kum'mawa asanalipondepo. Panali namwino, mayi wolimba miyendo amene amapita kuntchito panjinga tsiku lililonse. Panali kalipentala, ndipo kalipentalayo anatenga mlamu wake, mnyamata amene amayi ake anabadwira ku Mozambique, wolankhula Chilomwe ndi Chipwitikizi chokwanira kugulira chakudya ndi kupepesera.

Mphunzitsiyo anawerengapo za momwe maiko ena amachitira njanji ikasiya kugwira ntchito: amazula zitsulo, n'kusalaza njirayo kuti muzidutsa oyenda pansi ndi apanjinga. Ku New Zealand kuli ina yotchedwa Otago Central Rail Trail, ya makilomita pafupifupi 150, yomwe inatsegulidwa mu 2000, ndipo ku America bungwe la Rails-to-Trails Conservancy lakhala likulimbikitsa ntchito yotereyi kuyambira mu 1986. Ubwino wake ndi woti sitima siikonda zitunda, choncho njira imene inapimidwira sitima imakomeranso wopalasa. Ku Mecanhelas kulibe njanji yakufa. Ili moyo, ndipo ndi yotanganidwa kuposa kale lonse. Chimene chilipo ndi kanjira ka m'mbali mwake, kamene palibe injiniya anakajambula papepala: kanapangidwa ndi zidendene ndi matayala a anthu opita kumsika, kuchigayo ndi kudoko. Pena kamatambasuka n'kukhala msewu umene anasiya okonza njanji, pena kamachepa n'kutsala kokwana tayala limodzi, pena kamathawira m'mudzi n'kukatulukira kutsogolo.

Pa Nayuchi anadinditsa mapasipoti, napalasa pang'ono, n'kudinditsanso pa Entre Lagos. Wotchi sanaisinthe, poti maiko awiriwa amayendera nthawi imodzi. Chosintha ndi ndalama ndi mafoni. Makwacha anasanduka mametikali m'manja mwa anyamata oyenda ndi mipukutu ya ndalama, ndipo netiweki ya TNM ndi Airtel inawaperekeza kamtunda ndithu isanawasiye m'manja mwa Movitel ndi Vodacom. Pamsika wa pa Entre Lagos mlamu uja ntchito inamuchepera: wogulitsa nthochi amayamba ndi Chimakua, akaona nkhope yasokonezeka amalowa Chinyanja, mtengo n'kuutchula m'Chipwitikizi. Malire amenewa anagwirizana ndi Angerezi ndi Apwitikizi okha mu 1891, motsata gombe la kum'mawa la nyanja za Chiuta ndi Chilwa, ndipo mabanja ambiri a kuno ali ndi manda mbali zonse ziwiri. Alomwe ochuluka amene lero ali ku Phalombe, Mulanje, Thyolo ndi Zomba makolo awo anawoloka kuchokera tsidya lino, pothawa chibalo ndi msonkho wa Apwitikizi.

Atangotuluka m'tauni anakumana ndi mchenga.

Njanji apa imadutsa pa mtunda wamchenga umene umalekanitsa nyanja ziwirizi. Zaka zikwizikwi zapitazo Chilwa ndi Chiuta inali nyanja imodzi, mpaka mchenga umenewu unaunjikana pakati n'kuidula. Chiuta inatsala ndi potulukira: madzi ake amapita ku nyanja ya Amaramba, n'kulowa mu mtsinje wa Lugenda, umene umakathira mu Ruvuma mpaka kunyanja yamchere. Chilwa inatsekeka, ndipo madzi ake amachoka pokhapokha dzuwa likawamwa, n'chifukwa chake amamveka kamchere. Mphunzitsi anafotokoza zonsezi ali wefuwefu, akukankha njinga, nsapato zitadzaza mchenga. Namwino anamuyankha kuti, "Aphunzitsi, pabolodi paja simunatiuze kuti phunziroli n'lokankha."

Anthu a konkuno mchengawu anauzolowera. Bambo wina anawapitirira atanyamula matumba awiri a mpunga, limodzi pa kaliyala, lina atalilowetsa pakati pa felemu, iye akuyenda pambali, dzanja limodzi pa handulo, phewa litatsamira thumba. Amadziwa pamene pali udzu wopondeka wolimbitsa nthaka, ndipo pofika polimba amadumphira pachishalo osaima n'komwe. Njinga yake inali yakuda, ya mtundu wa Hero, yopanda magiya, kaliyala yowotcherera ndi zitsulo za konkire, masipoko akumbuyo ochindikala. Pedulo imodzi inali chitsulo chokhachokha. Njinga za alendo, za magiya ambirimbiri zogula pa kaunjika ku Limbe, zinkangozungulira tayala pamalo amodzi. Kalipentala, amene diso lake silichoka pa kapangidwe ka zinthu, anavomereza kuti mwa njinga zisanuzo yomangidwira dziko lino inali ya bamboyo.

Sitima ya malasha imamveka isanaoneke. Zitsulo za njanji zimayamba kulira pang'onopang'ono, kenako hutala patali, ndipo ana amene amasewera pa miyala ya kwale amatsetserekera m'munsi popanda wowauza. Alendowo anakokera njinga kutchire n'kuima. Mitu ya sitima inadutsa ndi chiphokoso chogwedeza chifuwa, n'kutsatira mabogi otsegula pamwamba, ofanana onse, odzaza malasha akuda bii. Mlamu anayamba kuwerenga mokweza, anapitirira 100, kenako anasokonezeka namwino atamufunsa kuti botolo la madzi waliika pati. Bogi lomaliza litapita, kafumbi kakuda kanatsalira pamikono ndi pamilomo. Amayi awiri amene anaima nawo pamodzi, mitolo ya nkhuni ili pamutu, sanatembenuke n'komwe kuyang'ana sitimayo. Anangodikira kuti ithe, awoloke.

Malashawo amachokera ku Moatize, m'chigawo cha Tete. Amalowa m'Malawi, kudutsa pa Nkaya m'boma la Balaka, kuwoloka Shire pa Liwonde, kutulukira pa Nayuchi, n'kupitirira mpaka kudoko la Nacala-a-Velha, ulendo wa makilomita 912. Kampani ya ku Brazil ya Vale ndiyo inamanga chigawo chatsopano cha njanjiyi ndi kukonzanso chakale, ndipo ntchitoyo anaitsegulira mu Meyi 2017. Mu 2022 mgodi ndi njanji zinapita m'manja mwa kampani ya Vulcan. Njanji inakonzedwa moti ingathe kunyamula matani 18 miliyoni a malasha pachaka. Munthu akaima m'mbali mwake ndi kuona kulemera kumene kukudutsa pamphuno pa midzi imeneyi, kenako n'kuona thumba la mpunga likukankhidwa mumchenga mamita ochepa kuchokera pa zitsulozo, savutika kudziwa kuti njanjiyi anamangira yani. Sitima za anthu ndi za katundu wamba zimayendamo ndithu, koma katundu wa tsiku ndi tsiku wa ku Mecanhelas, nsomba, makala, nandolo, odwala opita kuchipatala, amayenda pa matayala awiri.

Chubu choyamba kuphulika chinali cha mphunzitsi, chifukwa cha minga. Zomatira anali nazo, koma pampu yawo inakana kugwira valavu. Sanakankhe nthawi yaitali. M'njira imeneyi mudzi uliwonse wa msika uli ndi wokonza njinga, ndipo chizindikiro chake ndi tayala lakutha lopachikidwa pa nthambi ya mango. Amene anawapezawo anali bambo wachikulire wa chipewa choluka, zida zawo zili m'kabokosi kathabwa: masipanala atatu, pulayala, sizasi, ndi zotsegulira tayala zosula kuchokera ku zitsulo zakale. Anagadabuza njinga, natulutsa chubu osachotsa gudumu, nachipopa, n'kumachimiza m'beseni la madzi chigawo ndi chigawo mpaka thovu linatumphuka. Pabowopo anabayapo kachitsotso kuti pasasowe. Anapala malowo ndi kachidutswa ka sandipepa, nadula chigamba kuchokera ku chubu chakale, napaka solushoni mbali zonse ziwiri ndi chala, kenako n'kukhala pansi.

"Bambo, simumata?" anafunsa mphunzitsi, poona nthawi ikupita.

"Aiwisi samata, bambo. Aume kaye."

Atamata, anagogoda chigambacho ndi chipanera pa thabwa, n'kuyendetsa zala mkati mwa tayala monse mpaka anatulutsa kaminga kamene kakanabowolanso chubucho pasanathe mtunda. Pomaliza anapaka malovu pa valavu kuti aone ngati ikutuluka mpweya. Anafunsa komwe akupita, ndipo atamva kuti akungoona malo, anaseka mpaka kutsokomola, naitana mkazi wawo kuti adzaone anthu opalasa njinga mwaulere. Mayiwo anabwera ndi chinangwa chophika m'mbale, nagwada popereka kwa abambowo, koma namwino anamukokera pambali n'kumufunsa motsitsa mawu kuti amuna ake ndi ati mwa atatuwo. Atamva kuti mwamuna wake watsala ku Zomba akuyang'anira ana, anagwira pakamwa.

Kuti munthu aone Chilwa amayenera kuisiya njanji n'kulowera kum'mwera, njira ya ku Insaca, likulu la bomali, kenako n'kupatukira kumadzulo m'tinjira ta asodzi. Dziko lake ndi lathyathyathya, madambo a mpunga okololedwa kale, ng'ombe zikudya ziputu, migwalangwa apo ndi apo. Mwera wa Ogasiti unkawomba kuchokera kutsogolo, ndipo tsiku limenelo anayiwo anasiya kucheza, aliyense mutu pansi.

Nyanjayo siionekera patali. Chimayamba ndi fungo la nsomba zowamba, kenako khoma la njedza, bango lalitali limene lazinga gombe, ndipo madzi amaonekera m'mipata imene asodzi anadula kuti mabwato azidutsa. Padoko panali matemba atayanikidwa pa mphasa ndi pa mchenga, milamba yopindidwa ikuchita utsi pa mawaya, ndi makumba, chambo chaching'ono cha m'nyanja muno. Ogula anali atandanda ndi njinga zawo, madengu akuluakulu atamangidwa ndi malamba odula ku machubu. Msodzi wina anavomera kuwatenga pabwato lathabwa. Sanapalase, ankaponda ndi nsungwi, pakuti Chilwa ndi yosaya, ndipo m'malo ambiri nsungwi imafika pansi. Anadutsa pafupi ndi zimbowera, tinyumba ta asodzi tomangidwa pa njedza zoyandama, mmene anthu amakhala milungu ingapo osaponda kumtunda, moto akusonkha pa dothi lounjika pamwamba pa bangolo. Akakowa ndi atsekwe ankauluka m'magulu. Chifukwa cha mbalame zimenezi, Chilwa inakhala malo oyamba m'Malawi kulowa m'ndandanda wa madambo otetezedwa ndi pangano la Ramsar.

Atatuluka m'bango, mphunzitsi anangoti kukamwa yasa. Kutsogolo kwawo kunali chilumba cha Chisi, kuseri kwake phiri la Zomba lonse lathunthu, kumpoto kwake mapiri a Chikala, ndipo kum'mwera Mulanje atatuwa ndi nkhungu. Anthu obadwira pansi pa phiri la Zomba saliona chonchi, amangoona mbali imene ili pamwamba pa denga lawo. David Livingstone anafika pa nyanjayi mu Epulo 1859 kuchokera mbali ya Shire, ndipo mabuku a sukulu amaionetsa kuchokera komweko. Koma tsidya linonso lili ndi Amalawi ake: midzi ngati Chinguma ndi Ngotangota ili kugombe la kum'mawa koma ndi ya boma la Zomba, ndipo anthu ake akafuna kuboma amakwera boti kupita ku Kachulu, pamene msika wapafupi wofikako pa njinga uli ku Mozambique.

Msodziyo anawakumbutsa kuti pamene akuyandamapa anthu anayendapo pansi. Chilwa inaphwa mu 1968, inaphwanso mu 1995, ndipo mu 2018 mbali yaikulu inasanduka matope ong'ambika, mabwato atagona chammbali. Nyanja ikaphwa asodzi amasamukira ku Chiuta kapena kumunda, ogula nsomba amasintha katundu, ndipo njinga zimadutsa pamene pankadutsa mabwato. Madzi akabwerera, nsomba zimene zinabisala m'mitsinje ndi m'zithaphwi zimaswananso, anthu n'kubwerera kudoko.

Ku Insaca anafika madzulo, ali mbuu ndi fumbi. Ndi tauni yaing'ono ya misewu yotakata, nyumba za boma, msika, ndi njinga zamoto zambirimbiri. Boma la Mecanhelas ndi limodzi mwa maboma okhala ndi anthu ambiri m'chigawo cha Niassa, ndipo Insaca inakwezedwa kukhala tauni yodzilamulira, n'kuchita nawo chisankho cha makhonsolo mu 2023. Anagona pa nyumba ina ya alendo, anadya nsima ya matemba othira tomato, ndipo m'mawa anapeza chimene kalipentala akuchitamabe mpaka lero: buledi wa Chipwitikizi wotchedwa pão, wolimba kunja, wofewa mkati, wotentha kuchokera mu uvuni wa njerwa. Anagula wodzaza jumbo n'kumangirira pa handulo.

Kubwerera ku njanji ndi kulowera kum'mawa, dziko limasintha. Mchenga umatha, nthaka imafiira, ndipo kanjira kamalimba moti njinga za magiya zija zinayamba kuonetsa ntchito yake. Minda ya nandolo inali itayamba kuuma, chinangwa chili chiriri, zigafa za fodya zili zopanda kanthu poti nyengo yake inali itapita. Utsi wa lupsa unkakwera patali. Pa milatho ya njanji sanayerekeze kudutsa, ankatsikira kumtsinje n'kuwoloka pamchenga njinga zili paphewa, monga amachitira eni dera. Ana ankawathamangira m'midzi akukuwa, ndipo namwino, amene anavala buluku ndi chitenje pamwamba, ndiye ankakopa khamu lalikulu.

Chigawo chimenechi, kuchokera pa Entre Lagos kufika ku Cuamba, chili ndi mbiri yowawa. Njanji yolumikiza Malawi ndi doko la Nacala inatsegulidwa mu 1970, nthawi ya Kamuzu Banda, Mozambique idakali m'manja mwa Apwitikizi, ndipo mbali ya ku Malawi inamangidwa ndi ngongole yochokera ku South Africa. Inagwira ntchito zaka zochepa chabe. Nkhondo ya pakati pa boma la Frelimo ndi Renamo itakula, njanji inatsekeka mu 1984, ndipo katundu wa Malawi anayamba kuzungulira mpaka ku Durban pa mtengo woboola m'thumba. Kuyambira mu 1987 asilikali a Malawi anatumizidwa kudzalondera njira imeneyi, ndipo ena sanabwerere kwawo. Anthu a m'midzi ino anathawira tsidya lina, m'gulu la anthu pafupifupi 1 miliyoni a ku Mozambique amene Malawi inawasunga. Mtendere unasainidwa ku Rome pa 4 Okutobala 1992, koma makilomita 77 amenewa anakhalabe ofooka kwa zaka zambiri, sitima zikuyenda mokwawa, mpaka malasha a ku Moatize anabweretsa ndalama zokonzera. N'chifukwa chake akuluakulu ambiri a kuno amalankhula Chichewa cha ku Machinga chenicheni. Pa chitsime china pamene anaima kutunga madzi, gogo wina atamva kuti achokera ku Zomba anawalonjera mmodzimmodzi, kufunsa za mvula ya kwawo, n'kukana ndalama ya mbatata zimene anawapatsa. Mlamu, amene amayi ake anawoloka malire m'zaka zomwezo ali mtsikana, sanalankhule kwa kanthawi ndithu atachoka pamenepo.

Mapiri a Mitucué ndiwo amalengeza kuti Cuamba yayandikira: miyala ikuluikulu yotuwa yotumphuka m'chigwa, yooneka pafupi koma yosafikika msanga. Apa n'kuti atatuluka kale m'boma la Mecanhelas, matako atatupa, ndipo mphunzitsi atakulunga thaulo pachishalo mopanda manyazi.

Cuamba, imene Apwitikizi ankaitcha Nova Freixo, ndi mphambano ya njanji. Ina imapitirira kum'mawa ku Nampula ndi Nacala, ndipo sitima ya anthu ya pakati pa Cuamba ndi Nampula ndi yotchuka kwa alendo ochokera kunja. Ina imakwera kumpoto makilomita 262 kupita ku Lichinga, ndipo inatsegulidwanso mu 2016 itakonzedwa. M'tauniyi muli sukulu ya zaulimi ya Universidade Católica de Moçambique, ndipo thonje ndi fodya wa m'maboma ozungulira amasonkhanira kuno. Njinga ndi zosawerengeka, moti kwa nthawi yoyamba paulendo wonse palibe amene anawacheukira. Namwino analowa m'sitolo za nsalu n'kutuluka ndi makapulana a azilamu ake. Kalipentala anakhala nthawi yaitali pa shedi ya wowotcherera zitsulo, akuyeza ndi chikhatho kaliyala ya mtundu uja anauona mumchenga.

Za kabwereredwe anakangana pa chakudya chamadzulo. Mlamu ankafuna kupalasanso njira yomweyo, poti mwera ukanakhala kumbuyo kwawo pena ndi pena. Namwino tchuthi chake chinali kutha, ndipo mphunzitsi ananena poyera kuti chishalo sachifunanso mwezi umenewo. Anagwirizana zokwera minibasi, imene kuno amati chapa, kupita ku Mandimba, akawolokere pa Chiponde n'kutsikira ku Mangochi. M'mawa mwake pa depoti kondakitala anayang'ana njinga zinayizo, nanena kuti iliyonse ilipira ngati munthu. Mlamu anatsutsa m'Chipwitikizi chake chonse, nathera m'Chilomwe, mpaka anagwirizana theka. Anazigulula magudumu akutsogolo, nazimanga padenga pamwamba pa matumba a nandolo, ndipo kalipentala anakwera yekha kukamanganso mfundo zonse, poti za kondakitala sanazikhulupirire.